KHANSA YA KUSERI KWA MPHUNO: IKAPEZEKA MSANGA IMACHIRA

Lero tikambe za khansa imene imamera mkati, kuseri kwa mphuno, pamwamba pa mmero. Matendawa ndi ofala kwambiri kummwera kwa China, kummwera chakummawa kwa Asia ndi kumpoto kwa Africa. Kwathu kuno sapezeka kawirikawiri, n'chifukwa chake ambiri amachedwa kuwazindikira. Zina zimene zimathandizira kuti ayambe ndi kachilombo ka Epstein-Barr, kusuta fodya ndiponso mtundu wa ku banja.

Zizindikiro zake

Chotupa cha m'khosi chosapweteka, mphuno imodzi kutsekeka osatseguka, kamfuno wobwerezabwereza, khutu limodzi kugontha kapena kulira, ndi mutu wosamva mankhwala. Chotupachi chimafanana ndi cha TB ya m'khosi. Choncho ngati mankhwala a TB sakuchichepetsa, bwererani kuchipatala. Dokotala amatsimikiza matendawa podula kanyama kakang'ono n'kukapima.

Chithandizo chake

Malo amene khansayi imamera ndi obisika, pafupi ndi ubongo, kotero opaleshoni ndi yovuta. Mwayi wake ndi woti imamva kwambiri cheza champhamvu chochokera m'makina, chimene achipatala amati radioterapia. Wodwala amagona pamakina mphindi zochepa, masiku 5 pa sabata, kwa masabata 6 kapena 7. Ku Mozambique makinawa anayamba kugwira ntchito mu 2019 ku Hospital Central de Maputo.

Kodi mankhwala a m'diripi ndi ofunika kwa aliyense?

Ayi. Khansa ikapezeka pa gawo loyamba, isanafike m'khosi, cheza chokha chimakwanira, ndipo odwala oposa 9 mwa 10 aliwonse amachira. Ikafalikira kwambiri, madokotala amaphatikizapo quimioterapia, makamaka mankhwala otchedwa cisplatina.

Funso lakhala lili pa gawo lachiwiri. Kafukufuku wa ku Guangzhou, ku China, wa mu 2011, anaonetsa kuti kuphatikiza mankhwalawa kunapulumutsa anthu ambiri. Koma nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito makina akale. Makina atsopano amalunjika pa chotupa penipeni. Mu 2022 kafukufuku wina wa ku China komweko, wa odwala 341 amene khansa yawo inali isanafike poopsa, anapeza kuti patatha zaka 3, anthu pafupifupi 9 mwa 10 anali bwino, kaya analandira cheza chokha kapena ndi mankhwala omwe. Kusiyana kunali pa mavuto aakulu a m'thupi: anagwera odwala 17 mwa 100 a cheza chokha, koma 46 mwa 100 a zonse ziwiri.

Cisplatina amasanzitsa, amachepetsa magazi, ndipo amatha kuwononga impso ndi makutu. Nacho cheza chimaumitsa malovu ndi kuyambitsa zilonda m'kamwa. Choncho wodwala asadandaule kuti amumana chithandizo akapanda kuikidwa diripi. Dokotala amayamba waona kukula kwa chotupa, mmene chafalikira m'khosi, mphamvu za wodwala ndi mtundu wa makina amene alipo.

Kumbukirani

Chotupa cha m'khosi chikatha masabata 3 osaphwa, pitani kuchipatala chapafupi, musachitemere mphini. Musanayambe cheza, pimitsani mano. Mukayamba, musadumphe tsiku. Inu achibale, muphikireni wodwala phala ndi zakudya zofewa, muzimupatsa madzi pafupipafupi, ndipo muzikhala naye pafupi chifukwa khansa si yopatsirana.