Opaleshoni ya Chiuno ndi Bondo: Gawo la Chipatala cha Boma

Pamene mafupa awiri akumana pamakhala kachichereŵechereŵe kosalala kamene kamathandiza kuti mafupawo asakhulane, ndipo kakaperepeseka chifukwa cha nyamakazi, kapena mutu wa fupa la ntchafu ukafa chifukwa chosoŵa magazi, munthu amamva ululu ngakhale pogona. Zikafika pamenepa madokotala amadula mbali yowonongekayo ndi kuikapo chitsulo ndi pulasitiki yolimba, njira imene John Charnley anaikhazikitsa pa opaleshoni ya chiuno ku Wrightington m'dziko la England mu 1962.

M'dziko muno opaleshoniyi yakhala ikuchitika m'mizinda; kwa zaka zambiri inkachitika makamaka pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chomwe chinatsegulidwa mu 2002, ndipo mu 2005 panakhazikitsidwa kaundula wa anthu oikidwa zitsulozi. Kwa mlimi wa kwa Mfumu Yaikulu Jenala ku Phalombe, amene sathanso kuŵerama ndi khasu kapena kukwera kabaza popanda womunyamula, ulendo wa ku Blantyre umadya ndalama ya thiransipoti ya anthu aŵiri, pakuti wodwala sayenda popanda womudikirira, ndipo m'nyengo ya dzinja misewu yafumbi ya m'deralo imavuta kwambiri.

Popeza boma la Phalombe tsopano lili ndi chipatala chachikulu ku Migowi, n'zomveka kufunsa ngati opaleshoniyi ingachitikire pafupi. Komabe chitsulo sichidziteteza ku tizilombo monga mmene umachitira mnofu wamoyo, kotero kuti tizilombo tikakhazikika pamenepo, nthawi zambiri pamafunika opaleshoni ina yochotsa chitsulocho. N'chifukwa chake ntchitoyi imafuna fiyeta yaukhondo weniweni, magetsi osazimazima, magazi okwanira, wogonetsa odwala wodziŵa bwino ntchito, ndiponso dokotala wa mafupa amene amaichita kaŵirikaŵiri, ndipo kuithamangitsira kumaboma zinthuzi zisanakwane kungakhale kuika odwala pachiswe.

Zimene zingasamuke msanga ndi zoyambirira ndi zotsatira zake. Makiliniko ofesala a mafupa, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1985 ndipo ndiwo amamanga mafupa othyoka m'zipatala za m'maboma, angathe kujambula wodwala, kumutumiza ku Blantyre nthawi yabwino, kutsuka bala, kuchotsa ulusi ndi kuyang'anira mafizo, omwe ndi maseŵero olimbitsa minofu kuti mwendo uyambenso kugwira ntchito. Unduna wa Zaumoyo uyambire pamenepa, kuti wodwala wa kwa Jenala azipita ku Blantyre kukachitidwa opaleshoni yokha, zotsalazo azithandizidwa ku Migowi.