SILIKONI WA MADZI: ALOWA M'THUPI KOMA SATURUKA

Nkhani ya zaumoyo ya sabata ino inena za mafuta ena otchedwa silikoni, amene abweretsa masautso akuru pakati pa akazi a transgender. Awa ndiwo anthu amene anabadwa ndi thupi la cimuna, koma mumtima mwao adziwa kuti ali akazi, ndipo akhala ndi kubvala monga akazi. Ambiri a iwo akhumba kuti thupi lao lioneke la cikazi, ndiko kunena mabere, matako ndi ciuno cacikuru. Pakusowa thandizo la cipatala, ena apita kwa anthu osaphunzira udokotala amene awalasa jekeseni ya silikoni.

Silikoni agwira nchito zambiri m'mafakitale, monga kufewetsa makina ndi kumata ming'alu ya m'mazenera. Madokotala naonso agwiritsa nchito silikoni pokuza mabere, koma wao akhala wotsekeredwa m'kathumba, ndipo kathumbako kakabvuta angathe kukacotsa. Wa jekeseni alibe thumba. Angothiridwa m'mnofu monga mafuta othiridwa pa nsaru, nalowerera ponse ponse.

Mcitidwe umenewu si wa lero. M'zaka za m'ma 1960 akazi ambiri obvina m'nyumba za masewera ku Las Vegas, m'dziko la America, analasidwa silikoni m'mabere. Ambiri anadwala koopsya, kotero kuti mu 1975 boma la cigawo ca Nevada linaika lamulo loletsa jekeseni zotere. Koma nchitoyi inangobisala, siinathe. Ku Brazil olasawo atchedwa bombadeiras. Iwo agwira nchito m'nyumba wamba, nalasa silikoni wa m'fakitale wokwana malita, namata mabala a singano ndi guluu. Ena asanganiza zinthu zoipa koposa. Mu 2017 bwalo la milandu ku Florida linalamula wolasa wina kukhala m'ndende zaka 10 cifukwa ca imfa ya mai amene iye anamlasa.

Ngozi yoyamba ifika msanga. Singano ikaboola mtsempha, madontho a silikoni atengedwa ndi magazi kufikira m'mapapo, natseka timitsempha tating'ono ta m'menemo. Pasanapite masiku 3 munthu ayamba kubanika, kutentha thupi, kumva kuwawa m'cifuwa ndi kutsokomola magazi. Madonthowo akafika ku bongo, munthu asokonezeka mutu kapena kukomoka, ndipo ambiri otere safika m'mawa. Palinso ngozi ya singano zosaphika zogwira anthu angapo, zimene zifalitsa HIV ndi nthenda za ciwindi.

Ngozi yaciwiri ifika mwakacetecete, patapita miyezi kapena zaka. Thupi lizindikira kuti mwalowa mlendo, ndipo poyesa kumzinga lipanga zotupa zolimba ndi zowawa. Khungu lida, liuma, ndipo nthawi zina liphulika zironda zosapola. Popeza silikoni ali wa madzi, sakhala pamene anamuika: wa m'matako atsikira m'nchafu, m'miyendo, kufikira ku mapazi, ndipo munthu alephera kukhala pa mpando kapena kubvala nsapato. Zotupa zija zingathenso kucurukitsa mcere wa calcium m'magazi, ndipo impso zionongeka. Silikoni wa m'mabere aphimba zithunzi za cipatala, kotero kuti khansa ingathe kukula osaoneka.

Cinthu comvetsa cisoni koposa ndi ici: palibe mankhwala osungunula silikoni, ndipo sangapopedwe yense. Dokotala wofuna kumcotsa ayenera kudula ndi mnofu womwe, ndipo kawiri kawiri wina atsalabe. Cifukwa cace mu November 2017 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linacenjeza anthu onse kuti asalasidwe silikoni pokuza ziwalo. Mafuta a silikoni amene bungweli linalola ndiwo a nchito ina ya m'kati mwa diso basi.

Nanga n'cifukwa ninji anthu apitabe kumeneko? Si kupusa ai. Opareshoni ya ku cipatala ifuna ndarama zambiri, ndipo mankhwala a mahomoni asintha thupi pang'ono pang'ono, kwa zaka 2 kapena 3. Ambiri a akazi awa anapitikitsidwa kwao ali ana, alibe nchito, ndipo aopa kusekedwa ku cipatala. Ena akhulupirira kuti akaoneka akazi msanga, acipongwe adzaleka kuwamenya m'miseu. Maiko ena anaona kuti kuletsa kokha sikukwanira. Brazil inayamba kupereka cithandizo cotere m'zipatala za boma mu 2008, ndipo Argentina inaika lamulo lace mu 2012.

Tsono malangizo a madokotala ndi awa. Iye amene sanalasidwe asalasidwe, ngakhale wolasayo alumbire kuti silikoni wace ndi wa cipatala; kuthamanga sikufika. Iye amene analasidwa kale asaonjeze, ndipo auze dokotala zoona zonse, malo amene analasidwa ndi caka cace. Akayamba kubanika kapena kutentha thupi, abale amtengere ku cipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Ndipo anamwino ndi madokotala amlandire monga alandira wodwala ali yense, pakuti munthu wonyozedwa pa khomo la cipatala ndiye amene abwerera kwa wolasa uja.