Ndalama za Chipatala: Atsogole Ndani?

Ndalama za umoyo sizikwanira onse, tsono wina ayenera kutsogola. M'chaka cha 2006 Boma lidayamba kupangana ndi zipatala zolipira za CHAM kuti lizilipirira amayi apakati ndi makanda. Chipatala cha Mulanje Mission chidalowa m'pangano lotere.

Tisaganize kuti chisankhochi chidachokera m'masamu okha. Pakati pa Alhomwe ndi Amang'anja mtundu umayenda kuchikazi, ndipo mayi akafa pobereka, mbumba yonse yagwedezeka. Panganolo lidagwirizana ndi mtima umenewu. Koma mwambo womwewo umatilamulanso kulemekeza akulu. Nanga nkhalamba yodwala shuga, imene idakalambira m'minda ya tiyi? Pangano la 2006 silidayiwerengere: idatsala kudzilipirira yokha, kapena kuyenda ulendo mpaka ku chipatala cha Boma.