Mpikisano wowedza ku England: nsomba amaziyeza pasikelo n'kuzibwezera m'madzi

Lamulungu m'mawa, m'mbali mwa mitsinje, ngalande ndi madamu a ku England mumapezeka anthu atakhala mondandana, aliyense pakabokosi kake, maso ali pamadzi. Amakhala pamenepo maola asanu, kaya kugwe mvula kaya kuzizire. Nthawi ikakwana, nsomba zonse zomwe agwira amaziyeza pasikelo, amalemba kulemera kwake papepala, kenaka n'kuzibwezera m'madzi zili zamoyo. Palibe amene amabwerera kunyumba ndi ndiwo.

Kwa munthu wokulira ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, komwe nsomba ndi ndiwo komanso ndalama, zimenezi n'zovuta kuzimvetsa. Koma kwa Angerezi awa ndi masewero enieni, okhala ndi makalabu, malamulo, zikho ndi akatswiri ake, ndipo akhala akuchitika kwa zaka zoposa 100.

Masewero a anthu wamba

Angerezi amagawa nsomba za m'mitsinje ndi m'madamu m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la salmon ndi trout, zomwe kale zinkawedzedwa ndi anthu olemera m'mitsinje ya eni minda ikuluikulu. Gulu lachiwiri amalitcha coarse fish, kutanthauza nsomba wamba, ndipo muli roach, bream, perch, tench, carp, chub, dace ndi gudgeon. Dzinali lidabwera m'zaka za m'ma 1800 ndipo lidali lonyoza, chifukwa olemerawo ankaziona ngati nsomba zosayenera kufika pambale yawo.

Amene adazikonda adali ogwira ntchito m'mafakitale a m'mizinda monga Sheffield, Birmingham ndi Leeds. Atagwira ntchito sabata yonse mu utsi, ankakwera sitima yapamtunda kupita kumitsinje monga Trent ndi Witham kukapuma mpweya wabwino. Makalabu ambiri adayambira m'nyumba zomwera mowa, momwe anthu ankasonkherana ndalama za ulendo ndi za mphoto. Bungwe la Birmingham Anglers Association, lomwe lilipo mpaka lero, lidakhazikitsidwa mu 1883. Mu 1903 kudabadwa bungwe la dziko lonse la National Federation of Anglers, ndipo mpikisano wake woyamba wa dziko lonse udachitika mu 1906. Kuyambira mu 2009, bungwe loyang'anira masewerowa ku England ndi Angling Trust.

Zonse zimayamba ndi maere

Tsiku la mpikisano lisanafike, mlembi wa kalabu amagawa gombe m'malo okhala ndi manambala. Malo a munthu mmodzi amawatcha peg, dzina lochokera ku kachikhomo komwe amakhoma pansi kuti kasonyeze nambala. Pakati pa munthu ndi mnzake amasiyapo mpata wokwanira kuti zingwe zisakolane, komanso kuti wina asawedze pamadzi a mnzake.

M'mawa wa tsikulo, onse amakumana pamalo amodzi, nthawi zambiri poimika magalimoto kapena m'nyumba yodyera. Aliyense amalipira ndalama yolowera, yomwe gawo lake limaikidwa m'thumba la mphoto, kenaka amapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa nambala. Malo amene munthu watola ndi ake tsiku lonse, ndipo saloledwa kusamuka ngakhale nsomba zitakana.

Maerewa ndiwo amabweretsa chilungamo, popeza madzi safanana. Nsomba zimakonda pansi pa mitengo yoweramira m'madzi, pafupi ndi milatho, m'mbali mwa bango ndi pomwe ngalande yatambasuka. Wokhala kumapeto kwa mzere amakhalanso ndi mwayi, chifukwa mbali imodzi alibe wolimbirana naye nsomba. Pofuna kuti wotola malo oipa asataye mtima, gombe amaligawanso m'zigawo zing'onozing'ono, ndipo woposa anzake m'chigawo chake amalandira kangachepe ngakhale asanapambane mpikisano wonse.

Maola asanu a kudekha

Munthu akafika pamalo ake amakhala ndi nthawi yokonzekera. Amaloledwa kuyeza kuya kwa madzi ndi kusakaniza nyambo, koma kuponya nyambo kapena mbedza wenzulo isanalire ndi mlandu womuchotsetsa mumpikisano.

Chida chodziwika kwambiri ndi ndodo yaitali yolumikizalumikiza, yopepuka koma yolimba, yomwe imatha kutalika mpaka mamita 16. Kunsonga kwake kumakhala chingwe chachifupi, kanthu koyandama kosonyeza kuti nsomba yadya, ndi kambedza kakang'ono. M'kati mwa nsongayo mumakhala mphira wotamuka amene amalefula nsomba yaikulu kuti isadule chingwe. Ubwino wa ndodoyi ndi wakuti nyambo imatsikira pamalo enieni omwe mwini wake wasankha. Ena amagwiritsa ntchito ndodo yaifupi yokhala ndi chokulungira chingwe, ndipo amaponya kutali kachitini kodzaza chakudya cha nsomba komwe kamamira pamodzi ndi mbedza.

Nyambo zake ndi mphutsi zoweta zomwe zimagulitsidwa m'masitolo a zowedzera, nyongolotsi, buledi, chimanga cham'chitini, ndi ufa wosakaniza umene amauumba timibulu n'kuponya m'madzi kuti uitane nsomba.

Luso lalikulu lili pa kadyetsedwe. Woponya chakudya chochuluka amakhutitsa nsomba, ndipo sizilabadiranso mbedza. Woponya chochepa amaona nsomba zikusamukira kwa mnzake wa pafupi. N'chifukwa chake akatswiri amaponya pang'onopang'ono koma mosadukiza, ndipo amadyetsa malo awiri kapena atatu kuti pena pakazizira asamukire pena. Nthawi yozizira nsomba zimadya pang'ono, choncho chilichonse chimachepetsedwa: chingwe chopyapyala, mbedza yaing'ono ndi mphutsi imodzi yokha.

Pali chisankho china chomwe chimavutitsa aliyense. Wopambana ndi amene nsomba zake zonse pamodzi zalemera kuposa za anzake, osati amene wagwira zambiri kapena yaikulu kwambiri. Munthu angathe kutola tinsomba ting'onoting'ono mazana tsiku lonse, podziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wina angathe kudikira maola atatu osagwira kanthu, akuyembekezera gulu la bream, zomwe zochepa chabe zingapose tinsomba tonse ta mnzakeyo. Zikabwera wapambana, zikapanda kubwera, amapita kusikelo chimanjamanja. Apa m'pomwe mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umapherezera, ngakhale kuti kudekha kopanda kuwerenga madzi kumangotayitsa nthawi.

Kusikelo

Nsomba iliyonse yogwidwa amaichotsa mbedza mosamala n'kuiika mu ukonde wautali wonga thumba, womwe umakhala m'madzi nthawi yonse ya mpikisano. M'menemo nsomba zimapitiriza kupuma ndi kusambira. Wenzulo yomaliza ikalira, onse amachotsa mbedza m'madzi, ndipo oyeza amayenda ndi sikelo kuchoka pa munthu wina kupita pa wina, ena akuchitira umboni.

Kulemera amakuwerenga m'mapaundi ndi maaunsi. Paundi imodzi ndi magalamu pafupifupi 454, pomwe aunsi imodzi ndi magalamu pafupifupi 28. Pangalande nthawi yozizira, kagudgeon kamodzi kangathe kusiyanitsa woyamba ndi wachiwiri. M'madamu a malonda odzaza ndi carp, opambana amatha kupitirira mapaundi 100. Makalabu ambiri amasunga mapointi a mipikisano yonse ya chaka, ndipo wochita bwino koposa amalandira chikho pamsonkhano wa pachaka.

Chifukwa chiyani amazibweza?

Sizidayambe choncho. M'mipikisano yakale nsomba zinkafera pagombe zisanayezedwe, ndipo zinkagwidwa ngakhale nthawi yoswana. Owedzawo adaona okha kuti mitsinje ikutha nsomba, ndipo adapempha boma kuti lichitepo kanthu. Mu 1878 nyumba ya malamulo idavomereza lamulo lomwe adalitsogolera phungu wa ku Sheffield, Anthony Mundella, lokhazikitsa nyengo yotseka usodzi wa nsomba zamtunduwu. Mpaka lero, kuyambira pa 15 Malichi kufika pa 15 Juni, n'koletsedwa kuziwedza m'mitsinje ya ku England ndi Wales. Ganizo lake ndi lomwe lija limatseketsa usodzi pachilumba cha Mbenje ku Salima nthawi ya dzinja: nsomba zipatsidwe mpata woswana.

Kalabu imalipira lendi kwa mwini malo kuti mamembala ake aziwedza pamtsinje kapena padamu. Nsomba za m'madzi amenewo ndizo chuma chake. Zitati zizidyedwa Lamulungu lililonse, sipangathe zaka zambiri kalabuyo isanatsale ndi madzi opanda kanthu.

Malamulo ena amatsatira mfundo yomweyo. Aliyense wa zaka 13 kupita m'tsogolo ayenera kukhala ndi laisensi yochokera ku nthambi ya boma ya Environment Agency, ndipo wopezeka alibe angathe kulipitsidwa chindapusa chofika £2,500. Mu 1987 boma lidaletsa tizitsulo tambiri ta mtovu tomiza chingwe, zitadziwika kuti mbalame zazikulu za m'madzi zotchedwa swan zinkafa zikatimeza. M'madamu ambiri salola mbedza zokhala ndi kaminga kobwerera m'mbuyo, komanso amalamula kuti maukonde aziyamba aumitsidwa padzuwa kapena kuviikidwa m'mankhwala, poopa kufalitsa matenda a nsomba monga kachirombo ka KHV komwe kamapha carp.

Amalawi okhala ku Britain ayenera kudziwa zimenezi asananyamule mbedza. Laisensi ya boma payokha sipereka chilolezo chowedza paliponse. Pamafunikanso chilolezo cha kalabu kapena cha mwini madzi. Kutenga nsomba m'damu popanda chilolezo cha mwini wake kumawerengedwa ngati kuba, ndipo ngakhale m'mitsinje muli malire a mtundu, kukula ndi chiwerengero cha nsomba zomwe munthu angatenge patsiku. Nkhaniyi idabutsapo kusamvana pakati pa makalabu ndi anthu obwera kuchokera kum'mawa kwa Ulaya, komwe carp ndi ndiwo yolemekezeka, mpaka Angling Trust idayambitsa ntchito yotchedwa Building Bridges yophunzitsa alendo malamulowa.

Tsogolo la makalabu

Masewerowa akusintha. Nyengo yotseka idachotsedwa m'madamu ambiri mu 1995 komanso m'ngalande zambiri mu 2000, zomwe zidapatsa mphamvu madamu a malonda, momwe nsomba zimachita kuikidwamo ndipo galimoto imafika pafupi ndi madzi. Mipikisano yambiri idasamukira kumeneko. Otsutsa amati kuwedza m'damu lodzaza kumapha luso lowerenga mtsinje; oikira kumbuyo amati n'komwe okalamba, olumala ndi ana angafike mosavuta n'kugwira nsomba. M'mitsinje namonso muli vuto la zonyansa za m'masuweji ndi mankhwala ochokera m'minda, ndipo kawirikawiri owedza ndiwo amayamba kuona nsomba zikuyandama n'kudziwitsa boma.

Pamwamba pa zonsezi pali mipikisano ya ndalama zambiri monga Fish O'Mania, womwe udayamba mu 1994 ndipo umaonetsedwa pa wailesi yakanema. England yatulutsanso akatswiri a dziko lonse lapansi monga Bob Nudd, yemwe adapambana kanayi, ndi Alan Scotthorne, yemwe adapambana kasanu. Komabe msana wa masewerowa udakali kalabu ya m'dera, komwe wopuma pantchito ndi mnyamata wa kusukulu amapisa dzanja m'chikwama chimodzi, ndipo nsomba yomwe yapambanitsa wina lero imatsala m'madzi kudikira amene adzatole nambala imeneyo sabata yamawa.