Hosta, Chomera cha Masamba Aulemerero M'minda ya Mthunzi

M'maiko ozizira a kumpoto, monga Britain, Germany ndi mbali zina za America, kumene chisanu chimavula mitengo yambiri masamba onse chaka ndi chaka, muli chomera china chimene eni minda ya maluwa amachipatsa ulemu waukulu, chingakhale kuti kukongola kwake sikuli m'duwa monga momwe ife tidazolowerera, koma m'tsamba. Ndipo dzina lake ndi hosta. Abale athu amene adakhazikika ku Britain ayenera kuti adachionapo kuseri kwa nyumba, kumene dzuwa limangosuzumira, chitayala masamba aakulu a mitsempha yozama, amene munthu wa kwathu, powaona koyamba, angayese ndi koko wa kudimba.

Kwawo kwenikweni kwa chomerachi ndi ku Japan, Korea ndi China, kumene chimadzimerera chokha m'mapiri, m'mphepete mwa nkhalango ndi m'mbali mwa mitsinje. Ndipo ku Japan, mphukira zake zanthete, zimene amazitcha urui, zimathyoledwa ndi kudyedwa ngati ndiwo kufikira lero lino. Dzina lakuti hosta lidaperekedwa m'chaka cha 1812 polemekeza Nicolaus Host, katswiri wa zomera wa ku Austria. Koma munthu amene adatsegula njira yoti mitundu yambiri ifike ku Ulaya ndiye Philipp Franz von Siebold, sing'anga wa ku Germany, amene adafika pa kachisumbu ka Dejima ku Nagasaki mu 1823 potumikira Adatchi, m'masiku amene Japan adali atatseka zipata zake kwa alendo ambiri. Bamboyu, atapezeka ndi mapu a dzikolo amene mlendo sadaloledwe kukhala nawo, adapirikitsidwa mu 1829. Komabe zomera zimene adasonkhanitsa zidaoloka nyanja, ndipo mtundu wina wa masamba otakata, obiriwira mopita ku buluu, umatchedwa Hosta sieboldiana pomukumbukira. Mwa mtundu umenewu ndimo mudatuluka "Elegans," amene Georg Arends adamufalitsa ku Germany mu 1905, ndipo ngakhale papita zaka zoposa 100, akadali mmodzi wa akuluakulu a m'minda ya mthunzi.

Masiku ano mitundu ya hosta yopatsidwa maina ilipo zikwi zingapo, ina yaing'ono yokwana m'dzanja, ina ikuluikulu yofika m'chiuno mwa munthu. Pakati pa zimphonazo pali "Sum and Substance," wa masamba obiriwira mopita ku chikasu, amene adatuluka ku America mu 1980, ndi "Empress Wu," wotchedwa dzina la mfumukazi ya ku China ya makedzana, amene akakhwima amapitirira mita imodzi kutalika, natambalala pafupifupi mamita awiri, tsamba lake limodzi likumafika theka la mita.

Tsono apa ndi pamene ambiri amakhumudwira. Pakuti munthu akaona chithunzi cha chimphona chotere, nakagula mbande yake m'kamphika, masamba atatu okha, amayembekeza kuti chaka chamawa adzaitana anzake kudzaona zodabwitsa, osadziwa kuti hosta wamkulu amatenga zaka zisanu kapena kuposerapo asanafike pa msinkhu wake. Zaka zoyambazo ntchito yake ili pansi, kumene akuyala mizu ndi kukulitsa phata, ndipo masamba ake oyamba sakhala ndi makwinya ndi kukhuthala kumene adzakhale nako pambuyo pake. Mwini munda wosaugwira mtima amazula chomeracho nakachidzala pena, poganiza kuti malo ndiwo alakwa, kapena amachigawa pakati kuti apatseko mnansi, ndipo potero amabweza m'mbuyo ntchito ya zaka ziwiri. Hosta wamng'ono mukhoza kumugawa monga mufunira; koma wamkulu, ngati ukulu wake ndiwo mukuufuna, musiyeni pamalo amodzi.

Chifukwa chake malowo ayenera kusankhidwa mwanzeru poyamba pomwe. Mthunzi umene hosta amaufuna si mdima wa pansi pa mtengo wothithikana, kumene nthaka ili gwa ndipo mizu ya mtengoyo yamwa chinyontho chonse. Mitengo ya mizu yoyenda pamwamba, monga maple, yafooketsa hosta wambiri popanda mwini wake kuzindikira mdani. Chimene amakonda ndi dzuwa lofatsa la m'mawa, kenako mthunzi masana onse, kapena kuwala kodutsa m'masamba a mtengo wautali. Ndipo mtundu wa tsamba ndiwo umalamula muyeso wake. Tsamba looneka la buluu, mukalikhudza ndi chala, mudzaona kuti pamene mwakhudzapo pasanduka pobiriwira, pakuti buluuyo ndi phula lopyapyala lokuta tsambalo, limene dzuwa lamphamvu ndi madzi othiridwa pamwamba zimalichotsa, ndipo silibwereranso kufikira masamba atsopano a chaka chinacho. Motero a buluu amafuna mthunzi wochuluka, pamene achikasu amafuna dzuwa lochulukirapo kuti mtundu wawo uwale.

Podzala, dzenje likhale lotakata koposa kuya kwake, losakanizidwa ndi manyowa oola bwino ndi masamba ofumbwa, phata la chomeracho likhale lolingana ndi nthaka, osalikwirira. Ndipo pakati pa chimphona ndi chinzake pasiyidwe mita imodzi ndi theka kapena iwiri, ngakhale malowo aoneke apululu zaka zoyamba. Madzi ndiwo chinsinsi cha ukulu, pakuti tsamba lalikulu limataya chinyontho chambiri, ndiponso limakankhira mvula kunja, pansi pake n'kukhala pouma ngakhale kwagwa mvumbi. Kotero wothirira athire patsinde, madzi ambiri nthawi imodzi, m'malo mowaza pang'ono tsiku lililonse.

Koma palibe nkhani ya hosta imene ingathe popanda kutchula nkhono, makamaka zija zopanda chigoba, zimene m'dziko lachinyezi la Britain zili ngati mliri. Chisanu chikatha, mphukira zimatuluka m'nthaka zosongoka, masamba atakulungana. Ndipo nkhono ikaluma kamodzi kokha pa mphukira yotere usiku, tsambalo podzatambasuka limaonetsa mzere wa mabowo, ndipo lidzakhala lobooka chomwecho mpaka chaka chithe, popeza tsamba la hosta silipola. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo mwini hosta amawaonadi, pakuti njira imene siinama ndiyo kutuluka usiku ndi tochi, mvula itangokata, kutembenuza masamba ndi kuzitola imodziimodzi. Ena amakwirira timbale ta mowa kuti nkhonozo zimiremo. Zigoba za mazira ndi timalamba ta kopa, zimene anthu ambiri amazikhulupirira, zidayesedwa pa letesi ndi bungwe la Royal Horticultural Society mu 2018, ndipo sizidaonetse phindu. Mankhwala ophera nkhono a metaldehyde nawo adaletsedwa ku Britain mu 2022 chifukwa cha kuopsa kwake kwa mbalame ndi nyama zina. Mwayi wa wokonda zimphona ndi wakuti masamba okhuthala, monga a "Sum and Substance," nkhono siziwakonda kwambiri poyerekeza ndi opyapyala. Ku America kuli vuto linanso la agwape, amene usiku umodzi akhoza kusiya mapesi okhaokha.

Mdani wobisika koposa ndi matenda otchedwa Hosta Virus X, amene adazindikiridwa mu 1996 pa yunivesite ya Minnesota. Matendawa amalemba mawanga m'tsamba, mtundu wobiriwira n'kumaoneka ngati wasefukira kuchokera m'mitsempha. Ndipo poyamba ena, poona kukongola kwa mawangawo, adapatsa zomera zodwalazo maina nazigulitsa ngati mitundu yatsopano, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Amafala ndi utomoni wa chomeracho pa mpeni, pa khasu kapena m'manja, ndipo alibe mankhwala. Chodwalacho chizulidwe ndi kutayidwa kutali, zipangizo zitsukidwe.

Wina angafunse ngati chomera chotere chingakule kuno kwathu. Hosta adalengedwa kuti azigona: masiku akayamba kufupika masamba ake amachita chikasu nagwa, ndipo phata limafuna masabata angapo a kuzizira kwenikweni, kwa madigiri osapitirira 5 kapena 6, kuti lidzadzuke ndi mphamvu. Popanda tulo timeneti chomeracho chimacheperachepera chaka ndi chaka mpaka kutha, ndipo n'chifukwa chake kutentha kwa ku Chikwawa kapena ku Salima sikungachisunge. Mtundu umene umapirirako kutentha ndi Hosta plantaginea wa ku China, wa maluwa oyera onunkhira amene amatseguka madzulo, koma nawonso ukulu wa "Empress Wu" sumaufika. Kumene chisanu chilipo, mwini munda amachotsa masamba akufawo kuti nkhono zisabisalemo, nazika kamtengo pamalopo, kuti iye mwini kapena mlendo asadzaponde mphukira pamene zikutuluka.