Mzere, Kabokosi ndi Fomula: Mawu a pa Spreadsheet

Mwa mapulogalamu a kompyuta amene alembi ndi asungichuma amagwiritsa ntchito, ilipo ina imene pa Chingerezi imatchedwa spreadsheet. Mawuwa alibe kalembedwe kokhazikika m'Chichewa, choncho pano asiyidwa monga alili. Dzinali lidachokera ku chipepala cha mizeremizere chimene owerengera ndalama ankatambasula patebulo. Pulogalamu yoyamba kutchuka idali VisiCalc, imene Dan Bricklin ndi Bob Frankston adatulutsa m'chaka cha 1979. Pambuyo pake padabwera Lotus 1-2-3 mu 1983 ndi Microsoft Excel mu 1985.

Vuto loyamba kwa womasulira ndi lakuti Chingerezi chili ndi mawu awiri pamene Chichewa chili ndi amodzi, oti mzere. Nkoyenera tsono kusiyanitsa mzere wopingasa, umene umadziwika ndi nambala, ndi mzere wotsika, umene umadziwika ndi lemba. Pamene mizere iwiriyi yakumana pamakhala kabokosi, ndipo dzina lake limapangidwa ndi lemba ndi nambala: B2 ndi kabokosi ka mumzere wotsika B ndi mzere wopingasa 2. Malembawa amatsata alifabeti ya Chingerezi, kotero Q ndi X alipo ngakhale kuti Chichewa sichiwagwiritsa ntchito. Z akatha, pamayamba AA.

Phindu lenileni la pulogalamuyi lagona pa fomula, ndiye kuti lamulo louza kabokosi zoti kawerengere. Fomula imayamba ndi chizindikiro cha =. Mwachitsanzo, mlembi wa kalabu ya alimi angalembe matumba 12 a chimanga mu B2, ndi mtengo wa thumba limodzi, K30,000, mu C2. Akalemba =B2*C2 mu D2, kabokosiko kamaonetsa 360,000. Nyenyezi imaimira kuchulukitsa, ndipo kamzere kopendama kamaimira kugawa. Mtengo ukasintha, mlembi amangokonza C2, yankho nkusintha lokha. Wolemba 360,000 ndi manja mu D2 wataya phindu lonseli, pakuti nambalayo idzakhala chomwecho ngakhale mtengo utakwera, ndipo cholakwacho sichioneka ndi maso. Pofuna kuwonkhetsa mzere wonse, amalemba =SUM(D2:D20). Mawu oti SUM samasuliridwa. Pophunzitsa angathe kunenedwa kuti kuwonkhetsa, koma polemba ayenera kukhala monga alili, apo ayi fomula siigwira.

Chimene ambiri sachizindikira ndi chakuti pulogalamuyi imadziganizira yokha ngati zimene zalembedwa ndi mawu, nambala kapena tsiku. Nambala ya foni ya ku Malawi imayamba ndi 0, koma Excel imafufuta ziroyo poyesa kuti ndi nambala yowerengera. Mankhwala ake ndi kuyamba ndi apositirofe, chizindikiro chija cha m'mawu oti ng'ombe, kapena kuuziratu pulogalamu kuti mzere wonsewo ndi wa mawu. Posanja mayina motsata alifabeti, mlembi amene waika a waulemu patsogolo pa dzina lililonse adzapeza kuti a Banda ndi a Zulu onse agwera pa A. Ulemu ukhale ndi mzere wakewake.

Khalidwe limeneli lidafika posinthitsa mayina a sayansi. Akatswiri ofufuza tizinthu ta m'thupi timene munthu amatengera kwa makolo ake adali ndi mayina monga MARCH1 ndi SEPT1, amene Excel inkawasandutsa masiku a mwezi wa Malichi ndi Seputembala. Zolakwazi zidalowa m'zolemba zambiri za kafukufuku. M'chaka cha 2020 komiti yoona za mayinawa, HGNC, idalengeza kuti mayina 27 adali atasinthidwa: MARCH1 adakhala MARCHF1, ndipo SEPT1 adakhala SEPTIN1. Mu 2023 Microsoft idaika mu Excel njira yoletsera kusandutsa kotereku.