Ng'ombe ndi Nyengo Yachisanu ku Ntcheu

Lero tikambirana za m'mene ng'ombe imapiririra chisanu.

Pa nkhani ya nyengo, Ntcheu ali ngati maboma aŵiri. Kuzambwe, m'malire ndi dziko la Mozambique, kuli mapiri a Kirk Range, ndipo malo monga Tsangano ndi Lizulu ali pamtunda wa mamita 1,500 kapena kuposerapo. Kuvuma kuli chigwa cha Bwanje, kwa anzathu a ku Sharpevale ndi Kasinje, chimene chili m'munsi ndi mamita pafupifupi 1,000. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri ngati 6. Nchifukwa chake m'mwezi wa Juni ndi Julaye wa ku Tsangano amatha kupeza udzu wa m'dambo utayera ndi chisanu m'mamaŵa, pamene mnzake wa kuchigwa wagona ndi bulangete limodzi.

Tsono mwini ng'ombe amaotha moto m'nyumba, koma ng'ombe yake imagona m'khola lopanda denga. Nanga imafunda chiyani?

Yankho lake nlakuti moto wa ng'ombe uli m'mimba. Chifu cha ng'ombe chili ndi zigawo zinayi. M'chigawo chachikulu, chimene kwa ng'ombe yaikulu ya mkaka chimaloŵa malita oposa 100, mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaŵiritsa udzu. Amayi amene amafulula moŵa akudziŵa kuti moŵa ukamaŵira mbiya imafunda. Nchimodzimodzi ndi chifu cha ng'ombe. Usiku wonse ng'ombe ikamabzikula, udzu ukuŵira m'katimo, ndipo kutenthako kumathandiza thupi kukhala pa madigiri 38 ndi theka, ngakhale kunja kuzizire. Kukazizira kwambiri ng'ombe imafuna kudya koposa kale, monga momwe moto umafunira nkhuni zambiri tsiku la mphepo.

Kumaiko a chisanu choopsa ng'ombe zili ndi chofunda chachiŵiri. Ku Scotland kuli mtundu wotchedwa Highland, wa ubweya wa mitundu iŵiri: wautali pamwamba wotchinga mvula, ndi wofeŵa pansi wosunga kutentha. Ku Siberia, m'dera la Yakutia, kuli ng'ombe zazifupi, za ubweya wochindikala, zimene zimaunjika mafuta m'thupi nyengo yozizira isanafike, ndipo zimapirira kuzizira kwa madigiri 50 kunsi kwa ziro. Komabe ngakhale kumaiko otere, chimene chimapha ziŵeto zambiri ndi njala. Ku Mongolia, m'nyengo yozizira ya 2009 mpaka 2010, kudafa ziŵeto zoposa 7 miliyoni. Chilimwe cha chaka chimenecho kudali chilala, ziŵeto zidaloŵa m'chisanu zili zoonda, kenaka chipale chofeŵa chidakwirira udzu wochepa umene udatsala.

Ng'ombe yathu ya Malawi Zebu, ya linunda pamsana, siinapangidwire zimenezo. Ubweya wake ngwaufupi, ndipo chikopa chake cholendeŵera pakhosi chimathandiza kutaya kutentha. Ndi ng'ombe ya dzuŵa. Ku Bwanje mapangidwe ameneŵa ndi mwayi, koma pa Tsangano usiku wa Julaye amagwira ntchito yotsutsana ndi mwini wake. Ng'ombe yathu ilibe chofunda china, imadalira chifu basi.

Apa mpamene pagona vuto, pakuti kwathu kuno chisanu chimafika pamodzi ndi kuuma kwa udzu. Mvula ikaleka mu Epulo, udzu umakhwima nkusanduka mapesi okhaokha. Tizilombo ta m'chifu tija timafuna chakudya chomanga thupi chosachepera magawo 7 pa 100 alionse kuti tigwire bwino ntchito, koma udzu wouma wa m'tchire umatsikira kunsi kwa pamenepo. Zikatero udzu umachedwa kugayika, ng'ombe imadya pang'ono, ndipo moto uja umazilala. Mimba ikhoza kuoneka yodzaza, koma chiŵeto chikuonda. Chimayamba kutentha mafuta a m'thupi mwake, kenaka mnofu. Alimi ambiri amaona nthiti mu Okutobala nkumanena kuti ndi dzuŵa. Zoona zake nzakuti kuondako kudayamba mu Julaye.

Nchomvetsa chisoni kuti nthaŵi yomweyi ndi imene ng'ombe zokoka ngolo zimagwira ntchito yolemetsa, kututa chimanga ndi kunyamula mbatatesi ndi kabichi kupita nazo ku misika ya pa Tsangano Turn-off ndi Lizulu. Ng'ombe imene yakoka ngolo mpaka masana yataya maola odyera, ndipo ikaloŵa m'khola mimba ili pepuu, usiku umenewo ilibe chootha.

Chakudya chilipo, kungoti timachitaya. Mapesi a chimanga akasiyidwa m'munda, ng'ombe zimadya masamba, otsalawo nkuwapondaponda, chiswe nkumaliza. Akatutidwa msanga ndi kusanjikidwa pathandala amafika mpaka Okutobala. Mapesi paokha ngosakwanira. Chimene chimadzutsa tizilombo ta m'chifu ndi masangwi a mtedza, makoko a nyemba ndi soya, masamba a lukina, madeya pang'ono ndi mchere. Anzathu a kuchigwa ali ndi mtengo wa msangu, umene zipatso zake zimayoyoka m'chilimwe, ndipo ng'ombe zimazikonda kwambiri. Perekani chakudyachi madzulo, kuti chiziŵira m'mimba mbandakucha, pamene chisanu chimaluma koposa. Za anyamata otentha tchire pofuna mbeŵa sitinenapo zambiri; mafumu akudziŵa kuti moto wa tsiku limodzi umatha msipu wa mudzi wonse.

Pali adani ena aŵiri, mphepo ndi chinyontho. Ubweya wouma umasunga mpweya wofunda pafupi ndi khungu, koma ukanyowa ndi mvula yowaza ya m'mapiri, mphepo nkuombapo, kutentha kumathaŵa msanga. Khola lisamangidwe m'mbali mwa dambo, chifukwa mpweya wozizira ngwolemera ndipo usiku umatsetserekera kumalo otsika. Likhale pamalo okwera pang'ono, ndipo mbali ya kumwera chakuvuma, kumene kumachokera mwera, itchingidwe ndi mpanda wa udzu.

Amene ali pangozi yeniyeni ndi mathole. Thole la masabata ochepa chifu chake chachikulu chija sichinayambe kugwira ntchito, choncho lilibe moto wakewake. Limadalira mkaka wa make. Mlimi akakama mkaka wonse m'maŵa wa Julaye, walanda thole chofunda. Mathole agone m'kakhola ka denga, koyalidwa udzu wouma, koloŵa mpweya koma kosaomba mphepo. Mukaona thole likutsokomola, likupuma mofulumira, mamina akutuluka, kaŵirikaŵiri chimenecho ndi chibayo, ndipo itanani mlangizi wa ziŵeto tsiku lomwelo.